Nyumba ya lendi ku Tete, mwini wake ali kumunda ku Kalomwe

 Pa pologalamu ya ulimi imene tinamvera limodzi ulendo wathawu panali funso lakuti mlimi akakolola bwino, ndalama zake aziike pati kuti zisathere m'manja. Ena anati ng'ombe, ena anati njinga yamoto ya kabaza, ena anati chigayo. Ndiye komiti inandipempha kuti ndifotokozeko njira imene ine ndinatenga, yomanga nyumba ya lendi kutali ndi kwathu. Sukulu ndinalekezera ku pulaimale, choncho musayembekeze mawu a m'mabuku. Ndinena zimene ndaona ndi maso komanso zimene takhala tikumva pa wailesi.

Poyamba ndichotse maganizo akuti mwina ndine mpondamatiki. Chimene ndili nacho ndi mdadada umodzi wa zipinda zinayi ku Matundo, mumzinda wa Tete, tsidya lino la Zambezi usanawoloke mlatho wa Samora Machel. Pali chimbudzi, bafa ndi mpopi umodzi pabwalo. Basi. Ine ndimakhala konkuno, ndimalima chimanga, nyemba ndi kachewere ngati inu nomwe, ndipo nyumbayo ndimakaiona katatu kapena kanayi pa chaka. Kuchoka pano kudzera ku Ulongwe, Mussacama ndi Moatize ndi makilomita oposa 200, ulendo wodya tsiku lonse ngati shapa yachedwa kudzaza.

Ndalama ya mlimi mukuidziwa khalidwe lake. Imabwera kamodzi, yambiri, ndipo tsiku limene yabweralo ndi limenenso abale onse amakumbukira njira ya kunyumba kwako. Pofika Disembala, pamene chimanga chikufuna feteleza wobereketsa, thumba lapepuka kale. Januwale ndi Febuluwale ana akufuna makope ndi yunifolomu, m'nkhokwe namo mwatsika. Ng'ombe ndi chuma chabwino, sindikuinyoza, koma imadwala, imabedwa, ndipo malire ali pafupi chonchi ng'ombe yobedwa usiku kukamacha ili kale dziko lina. Komanso ng'ombe sungaidule mwendo umodzi kuti ugule thumba la feteleza. Ya lendi ndi ndalama yochepa, koma imabwera mwezi ndi mwezi, ngakhale mwezi umene mvula yakana.

Akuluakulu ena anandiuza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, bwanji osamanga pompano kuti uziiona m'mawa uliwonse? Funso labwino. Koma ndani angachite lendi pano? Aliyense ali ndi nyumba yake kapena ya makolo ake. Ochita lendi ndi aphunzitsi ochepa, anamwino ndi ogwira ntchito pa chipata cha malire, ndipo amenewa sachuluka. Lendi imatsata malipiro a pamwezi. Kumene kuli anthu ambiri obwera, olandira pamwezi koma opanda malo awoawo, ndi kumene nyumba imabereka.

Ambiri maso amayamba athamangira ku Dedza, poti ndi pakhomo, ena mpaka ku Lilongwe. Achibale tili nawo kumeneko, chilankhulo ndi chimodzi. Koma taganizani kawiri. Pa malamulo kumeneko ndife alendo, ndipo lamulo lawo la malo, makamaka atalisintha mu 2022, silipereka mpata wophweka kwa munthu amene si nzika. Mapeto ake munthu amalembetsa malo m'dzina la msuweni, ndipo tsiku limene mwayambana ndi msuweniyo nyumba yapita. Chinanso ndi ndalama. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene metical yathu zaka zimenezo inangoima pafupifupi 64 pa dola imodzi. Anyamata osintha ndalama pa malirepa akhoza kukuuzani bwino. Munthu wolandira lendi ya makwacha n'kumagula feteleza wa meticais anangodzuka tsiku lina lendi yake itachepa, nyumba ili yomweyo, malata omwewo. Sindikuti metical siigwa ayi, mu 2016 inagwa koopsa nkhani ya ngongole zobisika itaululika. Koma ukamalandira ndalama yomweyo imene umagulira zinthu, mutu supweteka kawiri.

Kwa amene akuyamba lero, ine ndingati ayambe wayang'ana ku Ulongwe. Kuyambira 2008 ndi munisipiyo. Kuli maofesi a boma, chipatala, masukulu a sekondale, ndiponso nthambi ya zaulimi ya yunivesite ya UniZambeze, imene ophunzira ake ambiri amachokera kutali ndipo amafuna chipinda. Ukhoza kupita m'mawa n'kubwerako madzulo. Lendi yake siifika ya ku Tete, koma mayendedwe sadya phindu. Ine ndinasankha Tete chifukwa ndinali nditazolowerako kale. Kuyambira ndili mnyamata ndinkaperekeza matumba a kachewere ku msika wa Kwachena, ndiye mabairo ndinkawadziwa, anthu ndinkawadziwa. Mumzinda umene simunagonemo ngakhale usiku umodzi musayambe n'komwe.

Tsopano nkhani ya nyumba ku Tete siingamveke popanda malasha. Kampani ya Vale ya ku Brazil inapambana chilolezo cha mgodi wa ku Moatize mu 2004, n'kuyamba kutulutsa malasha mu 2011. Chaka chomwecho kampani ina yaikulu, Rio Tinto, inagula kampani imene inali ndi mgodi wa Benga ndi madola pafupifupi 4 biliyoni. Amene munafika ku Tete zaka zimenezo mukukumbukira: magalimoto oyera a timbendera kumbuyo, azungu, amwenye, anthu a ku South Africa, a ku Zimbabwe, aliyense akufuna pogona. Eni nyumba ena ankatuluka m'nyumba zawo zabwino n'kukakhala m'kachipinda kakuseri kuti yaikuluyo alowemo a kampani. Anthu anatenga ngongole kubanki, anamanga nyumba za matailosi, za mipanda italiitali, za makina oziziritsa chipinda chilichonse. Kenako mtengo wa malasha pa msika wa dziko lonse unagwa. Mu 2014 Rio Tinto inagulitsa migodi ija kwa kampani ya ku India ndi madola 50 miliyoni okha. Tamvani kusiyana kwake, kugula ndi mabiliyoni, kugulitsa ndi mamiliyoni! Antchito ambiri anachotsedwa, alendo anakwera ndege, nyumba za matailosi zija zinatsala ndi alonda ndi zikwangwani zakuti arrenda-se. Vale nayo inadzachoka, mgodi wake unapita m'manja mwa Vulcan mu 2022.

Koma pamene zazikuluzo zinkakhala zopanda anthu, tizipinda ta ku Matundo ndi ku Chingodzi sitinasowe olowamo. Mphunzitsi sanachoke, namwino sanachoke, wapolisi, mayi wogulitsa tomato pamsika, wophunzira wa ku ISPT, mnyamata woyendetsa njinga yamoto, onsewa anatsala, ndipo onsewa amafuna chitseko chokhoma ndi denga losadontha pa mtengo umene angakwanitse. Amenewa ndiwo anthu amene mlimi wa ku Kalomwe angawamangire. Komanso zipinda zinayi zimaposa nyumba imodzi yaikulu, chifukwa mmodzi akatuluka atatu akulipirabe. Ine malo anga ndinawapeza mu 2017, chipwirikiti chija chitazizira, eni malo atasiya kutchula mitengo ya kumaloto.

Ndati eni malo, koma apa ndiye pofunika kutchera khutu. Malamulo aakulu a dziko lathu, pamodzi ndi lamulo la malo la 1997, amati nthaka yonse ndi ya boma, siigulitsidwa ndipo siiperekedwa chikole. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, umene pa Chipwitikizi amaufupikitsa kuti DUAT. Kuno kumudzi ambirife tilibe pepala, ndipo lamulo lomwelo limatiteteza, chifukwa limazindikira malo a makolo ndiponso munthu amene wakhala pamalo mwachilungamo zaka khumi. A nyakwawa ndi anansi ndiwo mboni zathu. Koma ku Tete iwe ndiwe wobwera. Palibe mfumu imene inaona agogo ako akulima pamenepo. Mboni yako ndi pepala basi.

Zololedwa kugulitsa ndi zimene zili pamalopo: nyumba, maziko, mpanda, mitengo. M'tauni ukagula nyumba mwalamulo, ufulu wa malowo umasamukira kwa iwe pamodzi ndi nyumbayo. N'chifukwa chake wokugulitsani amalemba kuti wagulitsa kanyumba kapena maziko, dothi salitchula. Mukagwirizana, musaperekere ndalama pansi pa mtengo. Ine ndinayamba kwa mkulu wa nyumba khumi, kenako kwa mkulu wa kwarterau, kenako kwa a sekeretariyo a bairo, aliyense ndikumufunsa funso limodzi lomwelo: malo awa ndi a ndani, ndipo pali wina amene anawalipirapo kale? Ndinafunsanso amayi a m'nyumba zoyandikana, poti amayi ndi amene amadziwa ngati pali mwana wamasiye kapena mkazi woyamba amene akuti malowo ndi ake. Nditamaliza onsewa ndi pamene ndinapita ku munisipiyo kukatsimikiza kuti malowo sali pa msewu wa m'tsogolo kapena pansi pa mawaya aakulu a magetsi, n'kuyamba zolembetsa m'dzina langa. Mutenge B.I. yanu ndi nambala ya msonkho ija ya NUIT, popanda ziwirizi palibe chimene chiyende. Kalata ya bairo ndi poyambira chabe, si DUAT ayi. Anthu ambiri amaisunga m'sutikesi n'kumati atha.

Zimatenga nthawi, zoona, ndipo kwa ife akutali ulendo uliwonse ndi ndalama. Pamenepa ndi pamene madobadoba amadyerapo. Amakuona ndi nsapato za dothi lofiira, amadziwiratu kuti uyu wa ku Angonia wagulitsa mbatatesi ndipo akufuna abwerere lero lomwe. Amati, "Patrau, siyani zonse m'manja mwanga." Mnzanga wina wa konkuno, sindimutchula poti ena mukumudziwa, anapereka ndalama ya matumba a chaka chonse pa malo amene anali atagulitsidwa kale kwa anthu awiri. Pamene ankabwerera ndi simenti anapeza wina khoma lafika kale pa mawindo. Mpaka lero mlandu wake sunathe.

Chinthu china chimene pepala silinena ndi madzi. Ife timapita ku Tete ndi ndalama mu Juni kapena Julayi, nthawi imene paliponse ndi pouma gwa. Malo otsika mtengo ambiri ali m'zigwa zoyandikira mtsinje wa Revubwe. Mu Malichi 2019 mtsinjewu unasefukira n'kulowa m'nyumba za ku Chingodzi, ndipo mu Januwale 2022, ndi namondwe Ana, unabwerezanso mpaka kudula mlatho wa pa mtsinjewo. Musanalipire, yang'anani makoma a nyumba zoyandikana, madzi amasiya mzere wake. Funsani ana osewera panjira kuti madzi anafika pati. Ana sanama pa nkhani imeneyi, alibe chogulitsa.

Kumanga kunanditengera zokolola zinayi. Chaka choyamba maziko a zipinda zonse ndi chimbudzi, chachiwiri zipinda ziwiri mpaka denga, ndipo ziwirizo zitangotha ndinalowetsamo anthu kuti lendi yawo izithandiza kugula mabuloko a zinazo. Chilolezo chomangira chitengeni ku munisipiyo, ndipo dziwani kuti malo ongosiyidwa zaka zambiri osamangapo akhoza kulandidwa. Ndalama ya simenti sindinatumizepo pa foni. Ndinkadikira mpata wa kumunda, pakati pa kukolola ndi kusosa, n'kupita ndekha, kugula simenti, zitsulo ndi malata ndekha, n'kukhala pomwepo masabata awiri ndikugona m'chipinda chopanda chitseko. Mmisiri ndinkamulipira pa gawo: maziko akatha, yake alandire, khoma likafika pa lintala, yake alandire. Simenti yosiyidwa ndi mmisiri mwini wake ali ku Angonia imamera miyendo, ndipo yotsalayo amaisakaniza ndi mchenga wambiri moti khoma ukhoza kulikanda ndi chala.

Ndipo musakamange nyumba ya kuno. Kuno timamanga mothawa chisanu cha Juni, denga lotsika, timawindo ting'onoting'ono. Ku Tete mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, anthu amagona panja. Chipinda cha denga lotsika kumeneko ndi uvuni wa buledi, wolowamo amatha mwezi umodzi n'kusamuka. Kwezani khoma ndi mizere iwiri kapena itatu ya mabuloko, mawindo ayang'anane kuti mphepo izidutsa, ikani khonde, ndipo ngati pabwalo pali mtengo wa masau kapena wa nimu musaudule.

Magetsi a EDM ndi a Credelec, ogula mayunitsi usanagwiritse ntchito. Kwa mwini nyumba wakutali zimenezi n'zothandiza kwambiri, chifukwa palibe amene angathawe n'kukusiyira ngongole ya magetsi. Koma mita imodzi ya mabanja anayi ndi nkhondo. Uyu ali ndi firiji, uyu ali ndi ayironi, uyu ali ndi babu limodzi lokha, ndiye onse asonkhe mofanana? Mafoni a madandaulo amenewa amakupeza uli pakati pa mizere, khasu lili m'manja. Ngati mungathe, chitseko chilichonse mita yake. Madzi pakhomo panga amabwera ndi fatura ya pamwezi, ndiye ndinawaphatikiza mu lendi ndipo ndimalipira ndekha, kuti asadzadule mpopi ine osadziwa.

Tsopano ndifike pa nkhani yovuta kuposa simenti ndi mapepala. Ndani akhale maso anu kumeneko? Maganizo oyamba a aliyense ndi m'bale. Ndipo m'baleyo sachita kumuitana, amabwera yekha. Zipinda ziwiri zoyamba zitangofoleredwa, mwana wa amayi aang'ono amene amakhala ku Tete anabwera kuno atanyamula shuga ndi sopo, n'kunena kuti, "Achimwene, bwanji ndizikhala m'chipinda chimodzi, ndizikuyang'anirani nyumba, ndalama za enawo ndizikutumizirani." Ndinamuyankha kuti ndamva, ndiganize kaye. Nditakana, nkhani inakafika kwa amalume, tinakhala pansi pabwalo tsiku lonse. Mawu anali akuti ndalemera ndayamba kunyoza mtundu, nyumba ndamangira alendo pamene magazi anga akuvutika ndi lendi. Zinandipweteka, chifukwa mnyamatayo tinakulira limodzi, mbuzi tinkaweta limodzi.

Chimene ndinawauza amalume ndi ichi. Mlendo akalephera kulipira miyezi iwiri, ndimamuuza mwaulemu kuti apeze kwina, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mng'ono wanga akadya lendi ya miyezi iwiri chifukwa mwana anadwala, ndikamutengera kuti? Kwa a sekeretariyo? Kupolisi? Amalume, inu nomwe mudzandiletsa, ndipo mudzakhala mukulondola. Ndiye ndidzataya ndalama, kenako ndidzataya m'bale. Kuli bwino ndizimuthandiza ndi thumba la chimanga ndi la nyemba chaka chilichonse, imene ndi mphatso yodziwika, kusiyana n'kumupatsa makiyi. Amalume anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati chibale ndi fupa sichiola, tisiye pomwepa. Mng'ono wangayo anatha chaka osandiyankhula. Pano timayankhulana, koma kunyumbako safikako, ndipo amayi aang'ono mpaka lero akandiona amayamba afunsa kuti alendo anu aja ali bwanji. Ndikunena izi kuti amene mukufuna kuyamba mudziwiretu kuti mtengo wina wa nyumba ya lendi sulipiridwa ndi meticais.

Amene amandiyang'anira ndi amayi ena achikulire, amasiye, ogulitsa nsomba zouma pamsika, amene anali oyamba kulowa. Ndinawaona chaka chathunthu mmene amalipirira ndi mmene amasesera pabwalo ndisanawapemphe. Lendi yawo ndinawachotserako gawo. Ntchito yawo ndi kuona ndi kunena: denga likudontha, chimbudzi chadzaza, wa chipinda chachitatu wabweretsa anthu asanu ndi mmodzi, wa chachinayi akuoneka ngati akulongedza usiku. Chipinda chikakhala chopanda munthu amaonetsa ofuna, koma womaliza kuvomera ndine, pa foni. Ndalama sagwira. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, woona akhale wina, ndalama ikhale ndi njira yakeyake. Aliyense amatumiza yekha ku nambala yanga, pa M-Pesa kapena pa e-Mola, pasanafike pa 5 mwezi uliwonse, ndipo uthenga umene umabwera pa foni ndiwo lisiti lake ndi langa. Makolo athu sakanatha kuchita zimenezi. M-Pesa inafika m'dziko muno mu 2013, kale lendi inkayenda m'thumba la kondakitala wa shapa, kufika kwake kunali kwa mwayi. Pakafunika kukonza kanthu, amayiwo amapempha mdzukulu wawo ajambule ndi foni anditumizire pa WhatsApp, ine ndimagwirizana ndi mmisiri za mtengo, ntchito ikatha ajambulenso, ndiye ndilipire.

Wolowa aliyense timalemberana kalata, ngakhale ya pa pepala la m'kope: dzina, nambala ya B.I., kumene amagwira ntchito, lendi, tsiku lolipira, anthu angati azigona m'chipindamo, ndiponso kuti wofuna kutuluka aneneretu kudakali mwezi. Amalipiriratu mwezi umodzi wa chikole. Mkulu wa kwarterau amasainira ngati mboni, ndipo ndikafika ku Tete sindilephera kukawalonjera ndi kathumba ka mbatatesi. Si ziphuphu zimenezo, ndi ulemu wa kwathu. Munthu wokudziwa nkhope ndi amene amadzuka usiku pakabuka phokoso pakhomo pako. Ulendo wanga sindilengeza tsiku. Ndimangofika.

Tiwerengeko pang'ono, poti ena mwabwera ndi makope. Manambala awa ndi chitsanzo chabe, aliyense akafunse yekha mitengo ya bairo imene akufuna. Tinene kuti chipinda ndi 2,000 meticais pa mwezi. Zinayi ndi 8,000. Munthu wa phuma achulukitsa ndi 12 n'kupeza 96,000, wayamba kale kumwetulira. Ine ndimachulukitsa ndi 10, chifukwa pa chaka pamakhala mwezi umene chipinda chili chopanda munthu, ndi mwezi umene wina wagwa m'maliro kapena malipiro ake achedwa. Ndiye 80,000. Chotsanipo madzi, gawo la amayi oyang'anira aja, maulendo anu atatu kapena anayi, loko wothyoka, laimu, kupopa chimbudzi. Chotsaninso za boma. Munisipiyo imatolera msonkho wa nyumba wa pachaka wotchedwa IPRA, ndalama ya lendi nayo lamulo limaiwerengera pa msonkho wa IRPS, ndipo amene akugula nyumba yomangidwa kale pali SISA, 2 peresenti ya mtengo wake, posintha dzina. Mukatsala ndi 55,000 mwachita bwino. Ngati malo ndi kumanga zinadya 500,000, ndiye kuti padzatha zaka 9 ndalama yanu isanabwerere.

Ndaona nkhope zina zagwa. Ee, kachewere wa m'dimba chaka chabwino amabweza ndalama msanga kuposa pamenepa, n'chifukwa chake munda sindinausiye ndipo sindidzausiya. Nyumbayo inamangidwa ndi munda. Amene angagulitse dimba kapena kuchepetsa feteleza kuti amalize denga, chaka chamawa adzasowa chomalizira chipinda chotsatira, ndi chakudya chomwe. Za katapila ndiye ndisanene n'komwe, chiwongoladzanja chake lendi siingachithamangitse. Ndalama yomangira ikhale yotsala mutachotsa mbewu, feteleza, chakudya cha chaka ndi sukulu ya ana. Ikachepa, gulani mabuloko 200 okha, chaka chimenecho basi. Chipereganyu cha m'kalabu muno, chimene a m'tauni amati xitique, chikhoza kugula malata ngati mwagwirizana bwino za nthawi yolandira.

Amayi ena a m'kalabu muno anandifunsa panja kuti nanga bambo akamwalira, nyumba ya kutali ngati imeneyi mkazi ndi ana adzaidziwa bwanji? Funso limeneli ndi lenileni. Munda aliyense amauona, koma zipinda za ku Matundo palibe wa pano amene angaziloze. Alipo amuna amene amabisa nyumba zotere kwa akazi awo, chifukwa chake tikuchidziwa, ndipo akatsikira kulichete olowa aja amangokhala ulere mpaka wina wochenjera adzanene kuti ndi yake. Amayi a kunyumba kwanga ndinapita nawo kawiri, anaonana ndi amayi oyang'anira aja ndi mkulu wa kwarterau, amadziwa pamene pali mapepala, ndipo mafotokope ake ali kwa achimwene awo. Lamulo la malo lija limanena poyera kuti ufulu wa malo umasiyidwa kwa otsala posayang'ana kuti ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo mayi akhoza kulembetsa DUAT m'dzina lake. Choncho amayi amene muli ndi dimba lanulanu la tomato kapena kabichi, nkhaniyi si ya abambo okha.

A wapampando, ndikuona nthawi yanga yatha. Mwezi wamawa tikatha kukumba kachewere ndikwera lole ya matumba kupita ku Kwachena, ndipo ndikagona masiku atatu ku Matundo poti chipinda chachiwiri chikufuna kupaka laimu. Kutsogolo kwa loleyo malo a anthu awiri alipo. Amene akufuna kukaona ndi maso, kukalowa nawo ku munisipiyo n'kukafunsa yekha mitengo, alembetse kwa alembi athu lero lomwe, ndipo adzatenge B.I., chipewa ndi chigubu cha madzi.